Chidole chife kapena chizidzukabe?

NaNkhoma: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano, poti pagulu pano pali amene mwakalambira m'mawodi komanso amene munagonapo pansi pa bedi monga magadiyani.

Mwezi watha tinali ndi ophunzira pa wodi ya ana. Usiku wina anabwera naye mwana wa zaka 3 kuchokera cha kunyanja, malungo aakulu, m'manja muli mbuu, magazi atatheratu. Tinaika dripu, mankhwala tinapereka, wina anathamangira magazi, koma magaziwo asanafike mwana anasiya kupuma. Mtsikana wathu wophunzira anagwira ambu bag, kathumba kopopera mpweya m'mapapo, monga anaphunzitsidwira, manja ake sindinawapeze chifukwa ngakhale pang'ono. Titaona kuti zakanika ndinati tileke. Mayi ake a mwana anali chiimire pafupi, chitenje choberekera chili m'manja. Anayang'ana wophunzira uja poti ndiye anali pafupi nawo, n'kufunsa kuti, "Adokotala, wagona?" Mtsikana anayasama, mawu osatuluka. Anaika ambu bag pabedi n'kutuluka. Ndinakamupeza kuseri kwa wodi patatha theka la ola, akunjenjemera. Anati, "Sisita, chidole chimene tinaphunzirira chimadzuka nthawi zonse."

Mawu amenewo akundiwawabe. Timawaphunzitsa kupopa pachifuwa ka 30 n'kupereka mpweya kawiri, timawayesa mayeso, amakhoza. Koma sewero lathu limathera pamene chidole chapuma. Mphindi khumi zotsatira imfa sitiwakonzekeretsa. Ndikuganiza zoyamba kuchita maphunziro oyerekezera amene chidolecho chimwalira, wophunzira n'kutembenuka kukauza abale. Ndikulakwitsa kodi?

aMbewe CO: Sisita, nkhani mwaiyamba bwino koma ine ndili ndi mantha nayo. Mwana wa sukulu amabwera kale ndi mantha. Ukamuphera chidole m'manja tsiku limene akuphunzira kutsitsimutsa munthu, sadzadzikhulupiriranso. Adzafika pa wodwala weniweni mtima utagwa kale. Imfa adzakumana nayo yekha, siichedwa. Ife amene anatiphunzitsa ndani? Wodi inatiphunzitsa.

NaNkhoma: Wodi inatiphunzitsa zoona achimwene, koma inatiphunzitsira pa ana a eni ake. Mayi woyamba amene ine ndinamuuza za imfa ndinamuuza molakwika, ndipo iye alibe mwayi woti ndikamuuzenso bwino.

Make Chisomo: Ine si wachipatala, ndinalowa pagulu pano chifukwa cha komiti ya zaumoyo ya kwathu. Ndiloleni ndinene zimene zinandichitikira. Bambo a kunyumba anamwalira zaka 6 zapitazo pa chipatala china, dzina sinditchula. Ndinatuluka m'mawa kukawaphikira phala kumalo kophikira magadiyani. Pobwerera ndinapeza bedi atalitchinga ndi makatani. Mnyamata wovala zoyera anandiima kutsogolo n'kunena kuti, "Mayi, tayambani mwalongedza katundu wanu." Ine ndinkaganiza kuti atisamutsira ku wodi ina. Ndinayamba kupinda zofunda, mbale ndikuika m'beseni, phala lili m'manja mwa mnzanga. Amene anandiuza ndi mayi wa bedi loyandikana, anangondigwira dzanja n'kuyamba kulira. Mpaka lero ndikaona beseni la buluu mtima umandipweteka.

Mnyamata uja sindimuda. Ndinaona m'maso mwake kuti naye ankaopa. Koma akanaphunzitsidwa, akanandikhazika pansi. A Sisita, chitani zimenezo.

Mzamba NaJere: Pepani Make Chisomo, pepani kwambiri.

Ife ku matenite chidole tili nacho, chija amati NeoNatalie. Amene simunachione, ndi chidole cha khanda chimene timathiramo madzi ofunda kuti chilemere ngati mwana wobadwa kumene. Wophunzitsa amakhala ndi timipira m'manja, akafinya, mchombo umagunda kapena chifuwa chimakwera. Chinabwera ndi maphunziro a Helping Babies Breathe amene anayamba mu 2010, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yoti mwana akhale atayamba kupuma kapena kuthandizidwa kupuma isanathe mphindi imodzi chibadwire. Maphunziro amenewa apulumutsa ana ambiri m'manja mwanga, sindingawanyoze. Koma zoona zake n'zoti ine pophunzitsa sindinasiyepo kufinya kampira kaja. Wophunzira akachita bwino ndimafinya, mwana walira, tonse m'manja. Chonsecho ku leba ndimadziwa kuti pali ana amene umachita zonse molondola koma osadzuka. Ndiye mzamba watsopano akakumana nazo amangoti ndapha mwana ndine.

aGondwe ku Leeds: Moni kumudzi. Nkhani iyi yandikhudza chifukwa kuno ku England ndimathandiza nawo pa maphunziro otere, amati simulation. Ndifotokozeko pang'ono kumene zinachokera, kuti tione chimene tingatengepo ndi chimene tingasiye.

Chidole chophunzirira kutsitsimutsa munthu chinayamba mu 1960. Anapanga ndi Asmund Laerdal wa ku Stavanger ku Norway, munthu amene ntchito yake inali yopanga zidole za ana, ndipo anachitcha Resusci Anne. Kampani yomweyo ndi imene inadzapanga NeoNatalie amene a NaJere akunena. Mu 1963 dokotala wina wa matenda a ubongo ndi mitsempha ku Los Angeles, Howard Barrows, anayamba kuphunzitsa anthu wamba kuti azichita ngati odwala kuti ophunzira aziyesererapo kufunsa ndi kupima. Ndiye pali njira ziwiri: chidole cha thupi, ndi munthu wamoyo wa zolankhula. Zimene a Sisita akufuna ndi kuphatikiza ziwirizi. Chidole chili pabedi, munthu wamoyo ali pampando ngati mayi ake.

Funso la aMbewe si lachilendo. Aphunzitsi kunja kuno akhala akutsutsana zaka zambiri ngati n'koyenera kuti chidole chizifa. Ena amaopa zomwe mwanenazo, ena amati kubisa imfa ndi kunamiza wophunzira. Kumene ine ndimagwira timachita chonchi: sitipha chidole tsiku limene munthu akuphunzira luso koyamba. Sitipha chidole monga chilango choti walakwitsa. Timawauziratu tisanayambe kuti lero wodwala akhoza kumwalira ngakhale muchite zonse bwino, ndipo amene waferedwa posachedwa ali ndi ufulu wokhala pambali osafunsidwa chifukwa. Sewero likatha timakhala pansi kukambirana, ndipo kukambiranako kumatenga nthawi yaitali kuposa sewerolo. Ukachita sewero n'kuwabalalitsa opanda kukambirana, wawavulaza, bola osayamba n'komwe.

aMbewe CO: Apo ndiye mwandiyankha mbali ina. Ngati si tsiku loyamba, ndipo auziridwatu, mantha anga achepa. Chimene ndimadana nacho ndi mphunzitsi amene amasangalala kugwetsa ana ulesi.

aChisale opuma: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinayamba ntchito ya medical assistant College of Medicine isanatsegulidwe ku Blantyre mu 1991, nthawi imene madokotala achimalawi tinkachita kuwawerenga ndi zala. Ndili ndi funso lina limene simunaligunde. Kwathu kuno imfa saseweretsa. Mwana akagona pansi n'kumachita ngati wafa, akulu amamukalipira kuti ukulosera. Mukaitana mayi wa kumudzi kuti adzalire maliro abodza pa chidole, anthu adzati chiyani? Ndipo mayiyo akapita kwawo mwana wake n'kudwala, simukuona kuti adzaloza inu?

Mwalimu wa ku Maganga: Bambo Chisale, funso lanu ndi lolemera ndipo ndikulilemekeza. Koma ndinene za mbali yathu. Kusambitsa maliro ndi kuveka sanda timachita kuphunzitsa, sitidikira kuti munthu amwalire ndiye tizifunsana kuti tiyambire pati. Aphunzitsi ambiri amasonyeza pa chidole kapena pa chinthu chokulungidwa, momwe nsalu imadulidwira, momwe amamangira. Palibe amene amati tikuitana imfa. Timati tikukonzeka kuti m'bale wathu tidzamuperekeze mwaulemu. Chachikulu ndi cholinga ndi khalidwe la pamalopo. Pakakhala kuseka ndi kujambulana pafoni, pamenepo ndiye mwaseweretsa imfa.

Ndipo a Sisita, ngati muchita zimenezi, muikemo nkhani yathu. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota Asilamu tilipo ambiri. Munthu wathu akamwalira timafuna kuika msanga, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Wophunzira wochokera kumene kulibe Asilamu ambiri amadabwa akaona abale akufunsa za galimoto ndi kalata misozi isanaume, amaganiza kuti alibe chisoni kapena akubisa kanthu. Ayi, akuthamangira udindo. Adziwenso kuti thupi la mayi aligwire amayi, la bambo abambo, ndi kuti munthu akamatsirizika abale amafuna kukhala pafupi ndi khutu lake kumukumbutsa shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro chathu. Musawatulutse nthawi imeneyo ngati palibe chimene akusokoneza.

aChisale opuma: Mwalimu mwandiphunzitsa. Komabe ndikupempha kuti wochita ngati womwalirayo asakhale munthu. Chikhale chidole basi.

NaNkhoma: Pamenepo tagwirizana bambo. Munthu sadzagona pabedi kuchita ngati wamwalira. Ndipo ochita ngati abale ndikuganiza kuti akhale anthu amene afuna okha, atamvetsa bwino, osati kungogwira aliyense.

Wophunzira Chaka Chachinayi: Zikomo akuluakulu pondilola kulankhula. Ine ndili m'gulu la amene mukuwanenawo. Za kauzidwe ka uthenga woipa tinaphunzira, pali njira ija amati SPIKES imene analemba Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo mu 2000. Imati upeze malo abata ndipo ukhale pansi, uyambe wafunsa zimene munthuyo akudziwa kale, umve ngati ali wokonzeka kumva zambiri, unene zoona m'mawu osavuta, upereke mpata ku chisoni chake, kenako mugwirizane chochita. Pa mayeso ndinakhoza bwino. Koma ndinaloweza m'Chingerezi, ndipo mnzanga amene ankachita ngati m'bale ankangogwedeza mutu mwaulemu.

Tsiku limene zinandichitikira zenizeni panalibe chipinda chabata. Panali mabedi odzaza mbali zonse, magadiyani a odwala ena atatizungulira, ndipo agogo amene ndinkafuna kuwauzawo samva Chingerezi. M'mutu mwanga munali ziganizo zachingerezi zokhazokha. Ndinayesa kuzitembenuza pomwepo ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti, "Agogo, zinthu sizinayende bwino." Iwo anati, "Ndiye mumupatsa mankhwala ena?" Ndinachita kubwerezanso kachiwiri. Ndinawapweteka kawiri.

Funso langa ndi ili: mawu enieni ndi ati? Aphunzitsi amati tisazungulire, titchule imfa. Koma sindingauze agogo kuti mdzukulu wanu wafa.

aChisale opuma: Mwana wanga, "wafa" ayi. Imafa ndi mbuzi. Munthu amamwalira. Mawu akuti "wamwalira" ali ndi ulemu wonse ndipo sasiya chikayiko. "Watisiya" nawonso aliyense amamva. Amene amasokoneza ndi awa: "zavuta", "zakanika", "sizili bwino", "tayesetsa". Amenewa ndi mawu olowera, okonza mtima, koma usaimire pomwepo. Ine ndinkatero: ndikhale pansi kaye, ngakhale pansi penipeni ngati iwo ali pamkeka, chifukwa uthenga wa maliro sauza uli chiimire. Ndiyambe, "Agogo, mwaona mmene matenda anakulira usiku uno." Iwo avomere. "Ife tayesetsa mbali yathu, koma zatikanika. Mwana wamwalira." Ukatero tseka pakamwa. Usawonjezere za mankhwala amene munapereka, za magazi, za chiyani. Sakumvanso. Khala pomwepo.

Chovuta kwa achinyamata ndi kukhala chete kumeneko. Mumaona ngati mphindi imodzi ndi chaka.

Mzamba NaJere: Bambo Chisale mwanena zoona. Ndiwonjezere za kulira. Wophunzira amene anayeserera ndi mnzake wogwedeza mutu amadzidzimuka mayi akadzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma, wodi yonse n'kuyankha. Ena amathamangira kumutontholetsa, "Mayi musalire, mukusokoneza odwala." Mawu amenewo amabaya. Mayi alire. Ntchito yako ndi kuona kuti asadzipweteke, kuitana amayi anzake amugwire, ndipo pang'onopang'ono mumutulutsire poti angalire momasuka. Ngati sewero lanu a Sisita lidzakhala lopanda kulira kwenikweni kwa kwathu kuno, ndiye kuti simunawakonzekeretse.

Kwathu ku matenite kulinso china. Mwana akabadwa wakufa kale, kapena akamwalira atangobadwa, mwambo wa kumudzi ndi woti amakaika amayi akuluakulu okha, mwakachetechete, ndipo mayi amauzidwa kuti asalire kwambiri. Ndiye mzamba wachitsikana amaona mayi ali duu, n'kuganiza kuti sizinamukhudze. Zamukhudza. Mufunseni ngati akufuna kumuona mwanayo, ena amafuna ena safuna, koma afunsidwe. Ndipo musamugoneke bedi loyandikana ndi amene akuyamwitsa ngati pali pena pomuika.

aMbewe CO: Pali nkhani inanso imene mabuku akunja sanena: uuza ndani? Iwo amati uza wachibale wapafupi, mkazi kapena mwamuna wake. Kuno ukauza mkazi yekha pamene malume ake a malemu ali panja pomwepo, mawa lake umva kuti achipatala alibe mwambo. Ine ndimayamba ndafunsa kuti, "Wamkulu amene mwabwera naye ndani?" Nthawi zambiri amakuitanira mwini mbumba kapena mayi wachikulire, ndiye iyeyo amadziwa mmene angafikitsire kwa enawo.

Make Chisomo: Achimwene aMbewe, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Ine ndinagona pansi masabata atatu ndikusamalira bambo aja, kuwasambitsa, kuwatembenuza. Achibale awo anabwera kawiri kokha. Mukanadutsa ine n'kukauza malume awo panja, ine n'kumva kwa anthu, zikanandipweteka kuposa. Itanani wamkuluyo, inde, koma gadiyani amene wavutika ndi wodwalayo akhalepo pomwepo. Musamudumphe chifukwa ndi mkazi.

aMbewe CO: Ndamva mayi, ndipo ndavomera. Onse awiri akhalepo. Zoterezi ndi zimene wophunzira sangazipeze m'buku.

Mlangizi wa ku Lifuwu: Ine ndi HSA, mlangizi wa zaumoyo, ndimakhala kumudzi ndi anthu. Chimene ndingakuuzeni n'choti mmene mwauzira anthu za imfa zimafika kumudzi maliro asanafike. Pa siwa anthu amakamba: anatilandira bwanji, anatiuza bwanji, namwino anati chiyani. Akanena kuti anangotitaya, mwezi wotsatira mayi wina mwana akatentha thupi amayamba wadikira kaye kunyumba. Ndiye amafika mochedwa ngati mwana amene a Sisita anena uja.

Muikemonso za kolera. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tinauona ndi maso. Kuuza munthu kuti m'bale wako wamwalira ndi kovuta, koma kumuuzanso kuti thupi simulisambitsa nokha, tilikonza ife ndi klorini ndipo maliro asachedwe, pamenepo pamabuka mkangano. Anzathu ena anathamangitsidwapo m'midzi. Wophunzira ayesererepo kulankhula ndi bambo wokwiya amene akuti mwamupha ndinu.

aGondwe ku Leeds: Mfundo ya mkwiyo ndi yofunika. Kuno timaphunzitsa kuti usayankhe mkwiyo ndi kudziteteza. Koma ndivomereze kuti zambiri zimene mwalemba apazi kuno kulibe amene angakuphunzitseni. Chidole cha kuno ndi cha ndalama zambiri, chimaphethira, chimatuluka thukuta, chimalumikizidwa ku kompyuta. Pa nkhani ya imfa zonsezo n'zosafunika. Chidole chakale chopopera pachifuwa, chitenje, mkeka, beseni, ndi amayi awiri odziwa kulira, mwamaliza. Chimene chimaphunzitsa ndi munthu wamoyo uja.

Chinthu chimodzi chokha musachisiye: kutsimikiza imfa. Ophunzira ambiri sanaonepo mmene zimachitikira mwadongosolo. Kumvetsera mtima ndi mapapo ndi stethoscope mosathamanga, kugwira mtsempha wa pakhosi, kuunika m'maso ndi tochi kuona ngati mboni zikusuntha, kuona nthawi pa wotchi n'kuilemba mufayilo. Kuno timadikira mphindi 5 tikuyang'anitsitsa tisanalembe. Wophunzira akadziwa kuti watsimikiza bwino, amapita kwa abale mtima uli m'malo. Amene sanatsimikize ndi amene amalankhula zozungulira, poti naye akukayika.

Mzamba NaJere: Ndi kukonza thupi abale asanalowe. Kuchotsa kanula ndi machubu, kupukuta magazi ndi thovu, kutseka maso ndi pakamwa, kufunditsa bwino nkhope ili poonekera. Mayi asaone mwana wake ali ndi mapulasitala thupi lonse. Chithunzi chomaliza chimakhala moyo wake wonse.

Abusa a ku Kamuzu Road: Ndimayendera odwala Lachitatu lililonse, ndiye ndilankhuleko za ana athu ophunzirawa. Mukukamba za mmene angathandizire oferedwa, koma iwonso ndi oferedwa mwa njira ina. Mtsikana amene anathawira kuseri kwa wodi uja anafunika munthu womufunsa kuti, mwana wanga, wadya? Ndaona anamwino amene anauma mtima, amakalipira magadiyani, anthu n'kumati ndi ankhanza. Ukakhala nawo pansi umapeza kuti anaona imfa mazanamazana popanda ndi mmodzi yemwe wowafunsa mmene akumvera. Maliro n'kulirana, koma wachipatala amalira ndi ndani? Akangotulutsa thupi, pabedi pomwepo pagona wina.

Chenjezo langa ndi limodzi. Muwauze ana asathamangire kunena kuti "ndi chifuniro cha Mulungu". Mawuwo akatuluka mwa woferedwa, kapena mwa ife abusa ndi mashehe pa nthawi yake, amatonthoza. Akatuluka mwa wachipatala mphindi yomweyo, ena amamva ngati ukuzemba mafunso.

Mwalimu wa ku Maganga: Abusa anena zoona. Ife tikamva timati Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun, kutanthauza kuti ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Wachipatala akangokhala chete mwaulemu pamene tikunena mawuwa, watithandiza kale.

Wophunzira Chaka Chachinayi: Funso lina, pepani ndachulutsa. Kodi n'kulakwa kulira pamaso pa abale? Tsiku lija misozi inatuluka, ndipo mnzanga anati ndaonetsa kufooka.

aChisale opuma: Misozi si mlandu. Chimene sichiyenera ndi chakuti oferedwa ayambe kutonthoza iwe. Ikalengeza, ileke. Ukaona kuti ikukugonjetsa, pempha mnzako aime m'malo mwako, tuluka, samba kumaso, ubwerere. Kubwererako ndiye kofunika. Ine imfa yoyamba ndimaikumbukira mpaka lero, mnyamata wa kafumbata, ndipo papita zaka zoposa 40. Amene anandigwira paphewa tsiku limenelo anali wantchito wokolopa m'wodi, bambo wachikulire. Anati tiye ukamwe tiyi. Sanandiuze china chilichonse.

NaNkhoma: Mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Ndikuonanso kuti imfa si imodzi. Ija yadzidzidzi ya mwana wa malungo ndi ina, ija ya munthu wa khansa amene aliyense akuona kuti akupita ndi inanso. Yachiwiriyi ophunzira amalakwitsa mwa mtundu wina: amafuna kupopa pachifuwa munthu amene anafunika kungomugwira dzanja, kapena amathawa bedi lake pa raundi poti "palibe chochita". Chonsecho chochita chilipo, kuchepetsa ululu ndi morphine wakumwa, kunyowetsa milomo, kufotokozera abale kuti kupuma kodukizadukiza ndi kaphokoso kapakhosi ndi zizindikiro zoti nthawi yayandikira, kuti aitane amene akufuna kutsanzikana naye.

Pa zimenezi tili ndi mwayi kuno ku Salima. Ndi Moyo, malo amene anayambitsa mayi Lucy Finch osamalira odwala matenda osachiritsika, ali pakhomo pathu pomwepa kuyambira 2007. Anthu amene amagwira ntchito ya mtundu umenewu amakamba za imfa ndi mabanja tsiku ndi tsiku, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ndikufuna ndikawapemphe nzeru ndisanalembe sewero lachiwirili.

aMbewe CO: Chiyao mwachitchulacho n'chofunika. Cha ku Maganga ndi ku Chipoka agogo ena Chichewa amamva koma pa nkhani yolemera amafuna chilankhulo chawo. Wophunzira aphunzire kufunsa womasulira wamkulu, osati kugwira mwana wa zaka 12 kuti auze agogo ake kuti amayi ake amwalira. Ndinazionapo zimenezo ndipo sindifuna kudzazionanso.

Sisita, ine amene ndinayamba ndi kukana, mundilembe. Ndidzakhala malume wokwiya uja. Mawu ake ndikuwadziwa bwino, ndawamva kokwanira.

Mlangizi wa ku Lifuwu: Kwathu kuli gulu la amayi ndi achinyamata amene timachita nawo masewero a zaumoyo pa sikelo ya ana. Ndikhoza kuwafunsa ngati alipo awiri ofuna. Koma ndidzawauza zoona kuti ili si sewero loseketsa anthu ngati aja a udzudzu ndi maneti.

Make Chisomo: A Sisita, ine kulira pa sewero sindingathe, zingandibwezere kutali. Koma ngati mungandilole, ndidzabwere pa nthawi yokambirana ija, ndidzawauze anawo nkhani ya beseni ndi pakamwa panga. Adzandifunse chilichonse.

NaNkhoma: Mayi, mwandigwetsa misozi. Bwerani, ndipo mukadzaona kuti zakulemerani tsiku limenelo mudzangondikodola, tidzaimitsa.

Ndiye ndichita chonchi. Ndikaonana ndi akuluakulu a pachipatala komanso aphunzitsi a anawa kuti avomereze. Gulu likhale laling'ono, ophunzira 6 basi, chitseko chotseka, mafoni m'thumba, ndipo sipadzakhala malikisi. Tidzayamba ndi nkhani ya mwana wa malungo. A NaJere mubwere ndi NeoNatalie tidzachite ya ku leba sabata yotsatira. Bambo Chisale, mawu aja mwalemba apa ndikufuna mudzawanene nokha pamaso pawo, galimoto ndidzakupezerani.

aChisale opuma: Ndidzabwera pa kabaza, musavutike. Koma mtsikana uja wa ambu bag, ali kuti pano?

NaNkhoma: Alipo bambo, wasamukira ku wodi ya amayi. Ndinamufunsa dzulo ngati angafune kudzakhala nawo, ndinamuuza kuti akhoza kungoonerera. Anati ayi, akufuna adzakhale woyamba kulowa, ndipo wapempha kuti wochita ngati mayiyo adzamufunse funso lomwe lija, loti wagona.

Mzamba NaJere: Ndidzamufunsa ndine. Chitenje choberekera ndibwera nacho.